Anagonja, n'kutha zaka osagonjanso: mafunso ndi mayankho pa akatswiri a nkhonya

Okonda nkhonya akayamba kukangana za katswiri woposa onse, ambiri amathamangira ku mayina a anthu amene sanagonjepo chiyambire: Floyd Mayweather ndi ndewu zake 50, Rocky Marciano ndi 49, Joe Calzaghe ndi 46. Tsamba lino likukamba za gulu lina, la ankhonya amene analawa kugonja, anabwerera m'bwalo, kenako n'kutha zaka zambiri popanda wowagonjetsa mpaka tsiku limene anadzagwanso.

Kodi kwenikweni tikuwerenga chiyani?

Tikuwerenga ndewu zonse zimene wankhonya anamenya kuchokera tsiku limene anagonja kufika tsiku limene anagonjanso. Ndewu imene awiriwo analepherana imalowa m'chiwerengero, popeza palibe anagonja. Imene woyimbira anaithetsa popanda wopambana imalowanso. Nkhonya za achinyamata ndi za ku Olympics sitikuziwerenga, tikungotenga zolipidwa.

Ndani amene amatchulidwa koyamba pa nkhani imeneyi?

Sugar Ray Robinson wa ku America. Anayamba nkhonya zolipidwa mu 1940 ndipo anapambana ndewu 40 zoyambirira. Pa 5 February 1943, mumzinda wa Detroit, anakumana kachiwiri ndi Jake LaMotta, yemwe anali wolemera kuposa iye ndi makilogalamu pafupifupi 7. M'raundi ya 8 LaMotta anamuphwanya chibakera chimene chinamutulutsa pakati pa zingwe, ndipo pamapeto majaji anapereka chipambano kwa LaMotta. Patangotha masabata atatu, mumzinda womwewo, Robinson anabweza chipongwe.

Kuchokera pamenepo anamenya ndewu 91 osagonja: anapambana 88, analepherana ndi anzake kawiri, ndipo imodzi, ya ku Berlin ndi Gerhard Hecht, inatha popanda wopambana. Zinatenga zaka 8 ndi miyezi isanu. M'kati mwa nthawi imeneyi anagonjetsa Henry Armstrong mu 1943, anatenga lamba wa dziko lonse wa gulu la kulemera la welterweight pogonjetsa Tommy Bell mu December 1946, anagonjetsa Kid Gavilán wa ku Cuba kawiri, ndipo pa 14 February 1951 ku Chicago anatenga lamba wa middleweight kwa LaMotta yemwe uja. Woyimbira anaimitsa ndewuyo m'raundi ya 13, LaMotta atatsamira zingwe, akungolandira zibakera koma osagwa. Awiriwa anamenyana kasanu ndi kamodzi, ndipo Robinson anapambana kasanu.

Zaka zimenezi zinali ndi tsiku lake lachisoni. Mu June 1947 ku Cleveland, mnyamata wotchedwa Jimmy Doyle, amene ankalimbirana lamba ndi Robinson, anagwa m'raundi ya 8 ndipo anamwalira kuchipatala patangopita maola ochepa. Ndewu imeneyonso ili m'gulu la 91 zija.

Nanga anagonja bwanji munthu amene anali atafika pamenepo?

Anachita chibwana ndi mdani amene sankamuwerengera. Mu 1951 Robinson anapita ku Ulaya ngati mfumu ili pa ulendo wokacheza. Anatenga galimoto yake ya Cadillac ya pinki, ndi gulu la anthu omutsatira kuphatikizapo womumeta tsitsi. Kuyambira kumapeto kwa May mpaka kumayambiriro kwa July anamenya ndewu 6 m'mizinda ya Paris, Zurich, Antwerp, Liège, Berlin ndi Turin. Ya London inali yotsekera ulendo, ndipo ndiyo yokha imene lamba anali pa mpikisano.

Randolph Turpin wa ku Leamington ku England anali ndi zaka 23, wamphamvu ndiponso womenya mosokoneza, ndipo anakonzekera mokwanira. Pa 10 July 1951 ku Earls Court mumzinda wa London anamuvutitsa Robinson maraundi onse 15 n'kupambana pa mapointi. Lambayo anakhala naye masiku 64 okha. Pa 12 September ku Polo Grounds mumzinda wa New York, pamaso pa anthu oposa 60,000, Robinson anang'ambika pamwamba pa diso m'raundi ya 10, magazi ali chuchuchu. Anadziwa kuti woyimbira atha kuimitsa ndewu nthawi iliyonse chifukwa cha balalo, choncho anamukhuthulira Turpin zibakera zonse zimene anali nazo, mpaka ndewuyo inaimitsidwa raundi yomweyo isanathe.

Alipo amene anaposa 91?

Alipo. Pedro Carrasco wa ku Spain anagonja mu 1964, kenako anamenya ndewu zoposa 90 osagonja mpaka February 1972 pamene Mando Ramos anamugonjetsa ku Los Angeles. Pa chiwerengero chokha Carrasco ali pamwamba pang'ono pa Robinson. Komabe simudzamva wodziwa nkhonya akuwaika pa mlingo umodzi. Ndewu zambiri za Carrasco zinali za kwawo ndi za m'mayiko oyandikana nawo, ndipo adani ake ambiri sanali a pamwamba pa dziko lonse. Anali katswiri weniweni wa ku Ulaya, zimenezo n'zosatsutsika. Koma lamba wa lightweight wa WBC, limodzi mwa mabungwe akuluakulu oyendetsa nkhonya, anamupeza mu November 1971 ku Madrid m'njira imene anthu anang'ung'udza nayo: Ramos anamugwetsa kangapo, koma woyimbira anathetsa ndewu n'kunena kuti Ramos waphwanya malamulo.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse ya tsamba lino. Chiwerengero chimangonena kuti munthu analowa m'bwalo kangati. Kuti mudziwe kulemera kwake muyenera kufunsa kuti ankakumana ndi ndani.

Willie Pep amatchulidwa kawirikawiri limodzi ndi Robinson. Anachita zotani?

Nkhani zawo zimayendera limodzi modabwitsa. Robinson anagonja koyamba mu February 1943; Pep anagonja koyamba mwezi wotsatira, pa 19 March, kwa Sammy Angott, atapambana ndewu 62 zotsatizana. Angott anali wa gulu lolemererapo la lightweight, choncho lamba wa Pep wa featherweight sanakhudzidwe. Kuchokera pamenepo Pep anamenya ndewu 73 osagonja, zopambana 72 ndi imodzi yolepherana.

Chimene chimandichititsa chidwi pa Pep si chiwerengerocho. Mu January 1947 ndege imene anakwera inagwa ku New Jersey. Anthu ena anafa, iye anathyoka mwendo ndi mafupa a msana, ndipo ambiri ankati zake za nkhonya zathera pomwepo. Mu June chaka chomwecho anali atabwerera kale m'bwalo, ndipo anapitiriza kupambana. Pep sanali womenya mwamphamvu kwambiri. Luso lake linali m'miyendo ndi m'chiuno: ankazemba, kuzungulira, kukugogoda kawiri katatu n'kuchoka, iwe n'kumangomenya mphepo. Munthu wodalira miyendo kubwerera chonchi atathyoka mwendo ndi msana, si za masewera.

Amene anamuimitsa ndi Sandy Saddler, wamtali, wamikono italiitali ndi chibakera choopsa. Pa 29 October 1948 ku Madison Square Garden mumzinda wa New York anamugwetsa m'raundi ya 4. Pa nthawiyo Pep anali atapambana ndewu 134 n'kugonja imodzi yokha. Anatenganso lamba wake mu February 1949 pa ndewu ya maraundi 15 imene ambiri amati ndiyo inali yabwino koposa pa moyo wake, koma Saddler anapambana ziwiri zotsatira.

Ngati tiyang'ana zaka m'malo mwa chiwerengero cha ndewu, ndani anakhalitsa?

Joe Louis. Pa 19 June 1936 ku Yankee Stadium, Max Schmeling wa ku Germany anamugwetsa m'raundi ya 12. Schmeling anali ataona kuti Louis akaponya dzanja lamanzere amalitsitsa pang'ono pobweza, ndipo usiku wonsewo ankadutsitsa lamanja pa mpata umenewo. Louis sanagonjenso mpaka pa 27 September 1950. Ndi zaka 14 ndi miyezi itatu, ndewu 34, zonse zopambana.

Mu 1937 anatenga lamba wa heavyweight kwa James Braddock, ndipo anamuteteza ka 25. Pa 22 June 1938 anakumananso ndi Schmeling, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili pafupi kuyamba, anthu mamiliyoni akumvera pa wailesi, ndipo ndewuyo inatha m'mphindi ziwiri ndi masekondi anayi.

Pali zingapo zoti tiike pa sikelo. Zaka pafupifupi zinayi za nthawi imeneyi, kuyambira March 1942 mpaka June 1946, Louis sanateteze lamba, popeza nthawi yambiri anali msilikali. Pakati pa 1939 ndi 1941 ankamenya pafupipafupi ndi adani ena ofooka moti atolankhani ankawaseka. Komanso kawiri anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Mu June 1941 Billy Conn, yemwe anali wopepuka kwambiri, ankatsogola pa mapointi mpaka anachita dyera lofuna kumugwetsa, n'kugwa iye m'raundi ya 13. Mu December 1947 Jersey Joe Walcott anamugwetsa kawiri, ndipo majaji atalengeza kuti Louis wapambana anthu anakuwiza. Louis anapuma mu 1949 ali ndi lamba. Chimene chinamubweza ndi ngongole ya msonkho imene boma linkamufuna, ndipo Ezzard Charles anamugonjetsa pa mapointi ali ndi zaka 36.

Ndani anachita zazikulu kwambiri m'nthawi yochepa?

Kwa ine yankho ndi Henry Armstrong, ndipo sindikuona wina woyandikira. Atagonja kumapeto kwa 1936, anapambana ndewu 46 zotsatizana m'zaka zosakwana zitatu. Mu 1937 mokha anamenya ndewu 27 n'kupambana zonse, 26 mwa izo mdani asanafike ku belu lomaliza. Mu October chaka chimenecho anatenga lamba wa featherweight kwa Petey Sarron. Mu May 1938 analumpha gulu limodzi n'kukatenga wa welterweight kwa Barney Ross. Mu August anatsika n'kutenga wa lightweight kwa Lou Ambers. Kalelo magulu a kulemera anali 8 okha, kawirikawiri gulu lililonse ndi katswiri wake mmodzi, ndiye kuti munthu mmodzi ananyamula atatu mwa malamba 8 a dziko lonse pa nthawi imodzi.

Anagonja mu August 1939 kwa Ambers yemweyo, woyimbira atamulanda maraundi asanu chifukwa chomenya m'munsi mwa chiuno.

Nanga a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, amene ambiri tinawaonera pa kanema?

Awiri ndi amene amaonekera, ndipo onse anaimitsidwa ndi munthu mmodzi.

Roberto Durán wa ku Panama anagonja koyamba mu November 1972 ku New York kwa Esteban de Jesús wa ku Puerto Rico, pa ndewu yosalimbirana lamba. Durán anadzagwetsa de Jesús kawiri pambuyo pake, mu 1974 ndi mu 1978, ndipo anapambana ndewu 41 zotsatizana. Yomaliza mwa izo ndiyo inali yaikulu: mu June 1980 ku Montreal, atakwera kale ku welterweight, anagonjetsa Sugar Ray Leonard, yemwe anali asanagonjepo. Patapita miyezi isanu ku New Orleans, Leonard anasintha kamenyedwe, n'kumavina, kumuzemba ndi kumuchita chipongwe, mpaka m'raundi ya 8 Durán anatembenuka n'kuuza woyimbira kuti sapitiriza. Kwawo ku Panama anthu anatenga nthawi kuti amukhululukire.

Marvin Hagler anagonja kawiri kumayambiriro kwa 1976 mumzinda wa Philadelphia, kwa Bobby Watts ndi kwa Willie Monroe, ndipo onsewo anadzawagwetsa pambuyo pake. Kuchokera March 1976 mpaka April 1987 sanagonje, ndewu 37. Imodzi yokha ndiyo inatha molepherana, ya mu 1979 ndi Vito Antuofermo, imene ambiri ankaona kuti Hagler anapambana. Lamba wa middleweight anakamutenga ku Wembley mu September 1980 kwa Alan Minter, ndipo oonerera okwiya anaponya mabotolo m'bwalo moti apolisi anachita kumutulutsa asanavekedwe lambayo. Anamuteteza ka 12. Mwa amene anawagonjetsa muli Durán, Thomas Hearns pa ndewu ya maraundi atatu ya mu April 1985 imene mpaka lero anthu amaibwereza pa YouTube, ndi John Mugabi wa ku Uganda, yemwe anali atagwetsa aliyense amene anakumana naye koma anagwa m'raundi ya 11 mu 1986. Leonard anamugonjetsa pa mapointi ku Las Vegas, majaji atagawikana awiri kwa mmodzi. Hagler sanavomereze, sanamenyenso, ndipo anasamukira ku Italy.

Bwanji Julio César Chávez ndi Carlos Monzón sanatchulidwe? Si iwo anali ndi ziwerengero zazikulu?

Ziwerengero zawo n'zazikulu ndithu, koma sizili pakati pa kugonja kuwiri. Chávez wa ku Mexico anayamba nkhonya mu 1980 ndipo anafika ndewu 90 asanagonjepo: zopambana 89 ndi imodzi yolepherana ndi Pernell Whitaker mu 1993, imene ambiri oonerera ankati Whitaker anapambana. Frankie Randall ndiye anamugonjetsa koyamba mu January 1994. Choncho zake zinayambira pachiyambi penipeni.

Za Monzón wa ku Argentina n'zosiyana: zinayamba ndi kugonja koma sizinathe ndi kugonja. Anagonja katatu ali wamng'ono, komaliza mu October 1964, kenako anamenya ndewu pafupifupi 80 osagonja mpaka anapuma mu 1977. Lamba wa middleweight anamutenga kwa Nino Benvenuti ku Rome mu November 1970 ndipo anamuteteza ka 14, kugonjetsa Emile Griffith, José Nápoles ndi Rodrigo Valdez. M'bwalo palibe anamutha. Kunja kwa bwalo moyo wake unatha moipa: anamangidwa chifukwa chopha mkazi wake mu 1988, ndipo anafa pa ngozi ya galimoto mu 1995 akadali pa chilango.

Kodi mu Africa muno alipo wolowa m'gululi?

Azumah Nelson wa ku Ghana. Mu February 1982 anagonjetsa Charm Chiteule wa ku Zambia mumzinda wa Lusaka poteteza lamba wa Commonwealth. Mu July chaka chomwecho anaitanidwa mwadzidzidzi, kutatsala masabata ochepa, kuti akamenyane ndi Salvador Sánchez wa ku Mexico ku Madison Square Garden. Anali atangomenya ndewu 13 zolipidwa ndipo ku America sankadziwika. Analimbana naye mpaka raundi ya 15 m'pamene ndewuyo inaimitsidwa. Sánchez anafa pa ngozi ya galimoto patangotha masabata atatu, choncho sanakumanenso.

Nelson anatha zaka pafupifupi 8 osagonja. Mu December 1984 anapita ku San Juan ku Puerto Rico n'kukagwetsa Wilfredo Gómez pamaso pa anthu akwawo, n'kutenga lamba wa WBC wa featherweight. Mu 1988 anatenga wa super featherweight. Anadzagonja mu May 1990 pamene anakwera ku lightweight kukayesa Pernell Whitaker.

Brian Mitchell wa ku South Africa ali ngati Monzón: anagonja kamodzi kokha, kwa Jacob Morake mu 1982, ndipo sanagonjenso mpaka anapuma. Anatenga lamba wa bungwe la WBA mu 1986, ndipo popeza dziko lake linali losalidwa chifukwa cha tsankho, lambayo ankamutetezera kunja, m'mabwalo a eni ake. Morake anamwalira mu 1985 atavulala pa ndewu yawo yachinayi.

Nanga a posachedwapa?

Wladimir Klitschko wa ku Ukraine anagwetsedwa ndi Lamon Brewster mu April 2004, ndipo ambiri ankati chibwano chake n'chofooka. Mphunzitsi wake Emanuel Steward anamuphunzitsa kuima patali, kugwiritsa ntchito dzanja lamanzere ndi kukumbatira mdani akayandikira. Sizinali zokoma kuonera, koma anapambana ndewu 22 m'zaka 11 mpaka Tyson Fury anamugonjetsa ku Düsseldorf mu November 2015. Bernard Hopkins anagonja kwa Roy Jones Jr mu 1993 ndipo sanagonjenso mpaka 2005 kwa Jermain Taylor, atateteza lamba wa middleweight ka 20. Manny Pacquiao anapambana ndewu 15 pakati pa kugonja kwa Erik Morales mu 2005 ndi kwa Timothy Bradley mu 2012, akukwera magulu a kulemera n'kugonjetsa Oscar De La Hoya, Ricky Hatton ndi Miguel Cotto. Canelo Álvarez anamenya 16 pakati pa Mayweather mu 2013 ndi Dmitry Bivol mu 2022.

Ku Thailand kuli Pongsaklek Wonjongkam, amene anagonja mu 1996 n'kupambana ndewu zoposa 50 mpaka 2007, kuteteza lamba wa WBC wa flyweight ka 17. Chiwerengero chake chinakula chifukwa pakati pa ndewu za lamba ankamenyanso tindewu tating'ono ta kwawo ndi adani osadziwika.

N'chifukwa chiyani masiku ano palibe wofika pa 70 kapena 90?

Chifukwa chachikulu ndi ndalama. Kalelo wankhonya ankadya za pakhomo, za matikiti, ndipo kuti apeze ndalama ankayenera kumenya pafupipafupi, nthawi zina kawiri kapena katatu pa mwezi. Katswiri wokhala ndi lamba ankamenyanso ndewu zosalimbirana lamba m'mizinda ing'onoing'ono kuti thupi lisazizire komanso kuti m'thumba mulowe kanthu. Lero katswiri wamkulu amamenya kawiri pa chaka, ndipo ndewu imodzi ya pa kanema imamupatsa ndalama zoposa zimene akale ankapeza pa moyo wawo wonse. Mayweather anamenya ndewu 50 kuyambira 1996 mpaka 2017. Robinson anamenya 91 m'zaka 8.

Malamulo a zaumoyo nawonso anasintha. Amene wagwetsedwa kapena kung'ambika amaletsedwa kumenya kwa masabata angapo, ndipo ndewu za lamba zinatsitsidwa kuchoka pa maraundi 15 kufika pa 12 m'zaka za m'ma 1980, Duk Koo Kim wa ku South Korea atamwalira pambuyo pa ndewu yake ndi Ray Mancini mu 1982. Zimenezi n'zabwino, ndipo palibe wanzeru angafune kubwerera ku zakale.

Chimene sindigwirizana nacho ndi mantha a kugonja amene analowa m'masewerowa. Mabungwe akuluakulu alipo anayi, WBA, WBC, IBF ndi WBO, magulu a kulemera anafika 17, ndipo munthu atha kukhala ndi lamba zaka zingapo osakumana ndi mnzake woopsa wa m'gulu lomwelo. Okonza ndewu amasankhira mnyamata wawo adani mosamala kuti mbiri yake isadetsedwe, chifukwa akangogonja kamodzi mtengo wake umatsika. Robinson anagonja kwa LaMotta n'kukumana naye patatha masabata atatu. Lero zokambirana za ndewu yobwereza zimatha chaka.

Ndiye mukanati musanje, mungaike ndani patsogolo?

Robinson poyamba, chifukwa iye yekha ndi amene ali ndi zonse ziwiri, chiwerengero chachikulu ndi adani a pamwamba, m'magulu awiri a kulemera. Wachiwiri ndingaike Armstrong, ngakhale zake zinatenga zaka zosakwana zitatu. Pep ndi Louis akulimbirana malo achitatu, ndipo ndimapendekera kwa Pep chifukwa Louis anatha zaka zinayi lamba ali m'kabati. Durán ndimamuika patsogolo pa Hagler pang'ono pokha, chifukwa cha usiku wa ku Montreal uja. Otsatira Hagler anganene kuti mwa ndewu 41 za Durán zambiri zinali zosalimbirana lamba, pamene Hagler anatha zaka zinayi akumenya anthu oopsa amene akatswiri ena ankawathawa asanapatsidwe n'komwe mwayi wa lamba, ndipo mfundo imeneyo ili ndi mphamvu.